Khutu la Agogo

Nesi anakoka nsalu ya pabedi mbali yake, mlamu wake akukoka mbali inayo, ndipo nkhalamba yachizungu inagubuduka pakati pawo ngati thumba la ufa. Awiriwo sanayang'anane. Chiyambireni m'mawa, Nesi anali asanamuyankhe mlamu wakeyo ngakhale moni.

Dzina loti Nesi anamupatsa ndi anzake a m'gulu la pa intaneti la anthu akwawo okhala kunja. Unesi weniweni analibe. Ntchito yake inali yosambitsa ndi kudyetsa okalamba kunyumba yowasungirako, ndipo chitupa chake chokhalira m'dzikomo chinali chomangirira ku ntchitoyo. Ntchito ikatha, chitupanso chatha, munthu azilongedza.

M'gulumo munali mkangano wosatha. Atsamunda anatithandiza kapena anatibera? Nanga ife amene tinawatsatira kwawo kuno kudzawagwirira ntchito, tili n'chonena? Ena ankati azungu anabweretsa misewu ndi sukulu. Koma wina wodzitcha Wobadwira Konko, wopanda chithunzi, ankawatseka pakamwa onse. Misewuyo, iye ankatero, inkathera pageti la esiteti, ndipo sukuluyo inkaphunzitsa mwana kuwerenga mabelo a bwana basi. Ankalemba mwachidule, masana okhaokha, ndi mawu akale aja amene masiku ano umangowamva kwa agogo. Nesi ankamuwombera m'manja kuposa aliyense.

Kuwomba m'manjako kunatha tsiku limene Wobadwira Konko analemba kuti: "Pali mlongo wina muno amene akamasambitsa nkhalamba amaiuza kuti, 'Makolo ako anakwapula agogo anga, lero ine ndikukupukuta kumbuyo.' Mlongoyo sakunama."

Nesi anawerenganso kachiwiri. Mawuwo anali ake, osachotsapo ngakhale limodzi. Ankawanena m'chipinda chomwechi, chitseko chili chotseka, m'chinenero chakwawo. Wina atangowamasulira kwa bwana wamkulu, yunifolomu akanaivulira pomwepo, ndipo ana ake kumudzi akanamuona akutsika basi chimanjamanja.

Nanga anamva ndani? M'chipindamo munali bedi, beseni, tabuleti yonga foni yaikulu imene mdzukulu anasiyira nkhalambayo kuti izitokosa ndi dzanja lake limodzi logwira ntchito, ndi chithunzi chakale cha mayi wachikuda atabereka kamwana koyera. Munali nkhalambayo, imene sitiroko inaipha mbali imodzi, yosalankhula ndi munthu. Munalinso mlamu wake. Basi.

Mlamu! Mkazi wa mchimwene wake, amene iye anamupezera ntchito, nakamulandira kubwalo la ndege, namugawira ndi bulangete lomwe. Nesi anayamba kukumbukira zonse. Mlamu ankachedwa kuchimbudzi masana, foni ili m'thumba. Mlamu ankasirira mashifiti a m'mawa. Mlamu ankasekerera kwambiri bwana akamadutsa. Ukayamba kumukayikira munthu, ngakhale kutsokomola kwake kumakhala ndi nkhani.

Komabe Nesi sanafune kuweruza popanda umboni, choncho anatchera msampha. Tsiku lina akumeta nkhalambayo ndevu, mlamu atagwira beseni, anapeka bodza. "Anthu ako anawadula khutu agogo anga, ukudziwa iwe?" anatero mokweza. Agogowo analowa m'manda ndi makutu awo onse awiri, ndipo mlamu ankadziwa zimenezo, popeza pamaliro pawo analipo.

Masana omwewo foni inanjenjemera: Wobadwira Konko anali atalemba m'gulu muja. "Za khutu zija mwathirako mchere, mlongo. Chikwapu chokha chinkakwana."

Pamenepo Nesi analibenso funso. Chinamuwawa kwambiri si mantha ayi, koma chipongwe chomuseka pagulu ndi mawu ake omwe, munthu wake akugona naye nyumba imodzi.

Ndiye lero, atayala nsalu yatsopano n'kuigoneka bwino nkhalambayo, anatseka chitseko n'kuima patsogolo pake.

"Alamu, mukufuna andithamangitse kuti mutsale ndi nyumba yonse?"

"Mukunena chiyani kodi, alamu?"

"Musandipusitse. Wobadwira Konko ndinu. Za khutu zija ndinanena dala, ndipo anamva ndinu nokha. Achimwene ndiwaimbira ndiwauze zonse. Tikaweruka mukalongedze katundu wanu."

Mlamu anaika pilo pampando pang'onopang'ono, napukuta maso ndi mkono wa yunifolomu, natuluka. Nesi anamvetsera nsapato zake zikutha m'khonde. Anali atapambana.

Anawerama kuti ayifunditse nkhalamba ija. Apo dzanja logwira ntchito lija linasiya tabuleti n'kumugwira pamkono.

"Kamuitaneni mlamu wanu, mayi, alibe mlandu. Ndimalemba ndine," inatero nkhalambayo m'chinenero chakwawo, mawu akutulukira mbali imodzi ya pakamwa, maso ali pachithunzi chija. "Kwa bwana sindinganene. Ndikanakuyankhani kalekale, koma mukanasiya kundikalipira, ndipo chisiyanireni ndi amayi ondilera ali pachithunziwo, palibe anandikalipirapo m'chinenero chathu."