Mayi wa Patsamba Lachitatu

Mkonzi wa tsamba la nthano adamulakwira mayi wina wamasiye. Adamubwezera nkhani yake katatu konse, itafiira ndi inki ngati wazingirapo nkhuku.

Ulendo uno mayiyo sadatumize papositi. Adakwera yekha masitepe a kunyuzipepala, mawondo akulira, nakaima patebulo la mkonziyo, mzimayi wamagalasi wosaseka ndi munthu.

"Ndalakwitsa pati? Sukulu ndidalekezera kupulayimale, inde, koma nkhaniyi ndailemba mpaka zala kutupa."

"Vuto si kalembedwe," adatero mkonzi, maso ali papepala. "Vuto ndi mtengambali wanu, mayi wa m'nkhaniyu. Patsamba loyamba akuotcha dzanja la mwana wake ndi ayironi chifukwa mwanayo wapsereza malaya a malemu bambo ake. Patsamba lachitatu yemweyo wabereka mwanayo, akuthamangira kuchipatala akulira, nsapato atazitaya m'njira. Amenewa ndi anthu awiri. Owerenga sangakhulupirire. Sankhani mmodzi."

"Ndi mmodzi yemweyo!"

"Wootcha mwana saliranso. Ngati ndi chilombo, chikhale chilombo mpaka kumapeto."

Mayiyo adagwira m'mphepete mwa tebulo. Adokotala adali atamuuza kale mosapsatira kuti chotupa chili m'mimba mwake sichimudikira chaka. Mpata woilembanso padalibe. Nkhaniyi ikabwereranso lero, akalowa nayo m'manda.

"Tamvani, bwana mkonzi," adatero mayiyo. "Malaya aja ndi okhawo ankanunkhirabe mwamuna wake. Misala idamugwira kamphindi kamodzi, kamodzi kokha! Zaka zonse zotsatirazo wadya misozi. Ndiye ndichotse chiyani? Ndikachotsa ayironi, ndanama. Ndikachotsa chipatala, ndanamanso. Munthu si ndodo kuti awongoke kuyambira kumutu mpaka kumapazi."

Mkonzi adavula magalasi, nawapukuta nthawi yaitali ngakhale adali oyera.

"Chotsani chipatala," adatero motsitsa mawu. "Mwanayo sachikumbukira."

Adamukankhira mapepalawo ndi dzanja lamanzere, la chipsera chonga nsonga ya ayironi. Zaka khumi ndi ziwiri tsopano, mkonziyu, mwana wa mayi wamasiyeyu, sayankha foni kapena kalata ya amayi ake. Chomwe amawerenga ndi nkhani zobwera patsamba lake basi.

Ndiye inu owerenga, poti akuti simungakhulupirire, muyankheni mayiyu asanafe: wootcha uja ndi wobereka uja, ndi awiri kapena mmodzi?