Diresi la Mlamu Lomwe Linakoka Masipuni

Panali munthu wina, telala, amene makasitomala ake ankangomutcha Bweranimawa. Nkhaniyi ndi yoona, anandiuza ndi munthu amene anakhala naye mpando umodzi m'sitima.

Mlamu wake, mng'ono wa mkazi wake, ankakwatiwa kutauni ina yakutali, ndipo wosoka diresi anali iyeyo. Monga mwa dzina lake, tsiku la ulendo linakwana mpendero usanasokedwe. Mkazi wake, amene ankatsogola kukathandiza zokonzekera, anamusiyira mwana wawo wamkazi ndi kachitini ka tizidutswa ta maginito, tija ana amamangira tinyumba, timagwirana tokha tikayandikana. Anati wagula dala kuti mwana atanganidwe nato m'sitima, bambo ake akusoka.

"Ndati ndi ta mwana, bambo. Inu zanu ndi singano ndi ulusi."

Telala anaseka, nati munthu wandevu ngati iye sangasewere ndi zidole.

Sitima itanyamuka, mwana anayamba kumanga pachivindikiro cha chitini. Telala analowetsa ulusi pasingano, koma diso lili pakanyumba. Anaona khoma litapendama, nati angoliwongola basi. Tizidutswa titangoti tha! kugwirana, mtima wake unati myaa. Anawonjezera khonde. Kenako chipinda chapamwamba. Woona matikiti anaima n'kunena kuti nyumba yopanda bafa si nyumba. Mayi wina wa pampando wakutsogolo analamula kuti khitchini ipite kumbuyo. Akuti ngakhale woyendetsa sitima anatuma munthu kudzafunsa ngati denga lakwera.

Mwana ankangokoka bambo ake malaya. "Ababa, nanga diresi la amayi aang'ono?" Bambo ankamuyankha kuti akhale chete, akumuphunzitsa kumanga.

Anadzidzimuka sitima itafika. Singano inali itamatirira padenga la nyumba ija, ulusi uli lende.

Anapeza mlamu atadzola kale, galimoto ikuliza hutala panja. Atamuveka diresi, linkasesa pansi ngati tsache. Telala thukuta kamukamu. Ananong'oneza mwana kuti amubwerekeko zidole, n'kugwada. Kupinda nsalu, kachidutswa mkati, kena kunja, tha! Anazungulira diresi lonse, tofiira, tachikasu, tobiriwira.

"Alamu, iyi ndi fasho yatsopano. Woyamba kuivala ndinu."

Mkwatibwi anasangalala. Mkazi wa telala anangoyang'ana mwamuna wake ndi diso lija lakuti tikakambirana kunyumba.

Zonse zinayenda bwino mpaka kuholo, kumene mkwatibwi anakhala pampando wachitsulo. Ataitanidwa kuti avine, anaimirira, mpando nawo unaimirira. Anthu anaukoka n'kuuchotsa. Podutsa pakati pa matebulo, masipuni anayamba kumutsata, mafoloko nawonso, ngakhale makiyi a galimoto ya mkwati. Akatembenuka, ngwe ngwe ngwe! Oimba anasiya zida zawo, ati diresi likuimba bwino kuposa iwo. Azimayi anayamba kufunsana kuti telala wanzeru chonchi amapezeka kuti, ndipo Bweranimawa anatukumula chifuwa.

Apo mpamene mwana uja analowa pakati pa bwalo, n'kugwada mwaulemu.

"Amayi aang'ono, ndipatseniko denga langa."

Anayamba kuzula kamodzikamodzi. Mpendero unagwa, masipuni anamwazika, ndipo mwana anafotokozera holo yonse amene anamulanda zidole m'sitima. Mkwatibwi anaseka mpaka misozi.

"Alamu, fasho yanuyi yatha msanga bwanji? Kapena tibwere mawa?"

Telala anatulutsa singano n'kugwada pomwepo, pamaso pa anthu onse. Anasoka mpendero wonse mkwatibwi ataimirira akudya keke, alendo akuwomba m'manja. Pambali pake mwana anakhala pansi akumanga nyumba yake. Khoma linapendamanso. Nthawi iliyonse telala akaponyako diso, mkazi wake ankangotsokomola.

Phunziro: Mukagulira mwana zidole za paulendo, musiyeni amange yekha ngakhale khoma lipendame, inu gwirani ntchito imene munanyamukira. Ndipo mkazi wanu akakuuzani kanthu, mverani. Tumizirani azibambo onse amene amati akungothandiza mwana, musaiwale telala wanu.