Phata Limodzi la Fodya

Chiyambire lamulo loti banja lizidzala phata limodzi lokha la fodya, a Gwaza amadzala lawo pakhomo pa chigafa chakale, chomwe masiku ano amasungiramo njinga.

Tsiku lothyola anaitanabe abale onse. Pamwambo wa banjali aliyense amathyola tsamba, ndipo loyamba amakaliika pamanda a makolo. Amene sanathyole, amati mizimu imamuiwala. Kale ntchitoyi inkatha miyezi, anthu akusoka fodya uku akuimba. Chaka chino inatha madzi a tiyi asanawire.

Mwana wawo Ndaziona, yemwe anali woyembekezera, anafika mochedwa kuchokera ku Lilongwe. Anapeza patsala phesi lokhalokha.

"Ababa, simunandisiyire ngakhale limodzi?"

A Gwaza anayang'ana phesilo, kenako zikhatho zawo, zakuda bii ndi utomoni wa fodya.

"Bweretsa manja ako."

Anamutikita zikhatho mpaka nazonso zinayamba kumata. Ndaziona ananunkhiza.

"Malaya a agogo ankanunkha chonchi," anatero.

"Ndiye kuti wathyola," anayankha bambo akewo. "Upakenso pamimbapo, mwanayo nayenso makolo amudziwiretu."