Tsache Lidikire Kandege

Lamulo linati munthu asasese pabwalo kandege ka apolisi ofufuza kasanadutse kudzajambula mapazi a aliyense amene wapondapo. Nangondo anali atazolowera. Tsache lake linkangokhala pakhonde mpaka dzuwa litakwera.

Lachiwiri m'mawa, atatsegula chitseko, anaona mapazi ochokera kunkhokwe, lamanzere lokwakwaza pansi. Woyenda choncho anali mmodzi yekha, mwana wake Ganizani, amene apolisi ankamusaka kwa miyezi isanu pa mlandu wa ng'ombe zobedwa.

"Bambo a Ganizani, tabwerani mudzaone," ananong'ona.

Mwamuna wake anayang'anitsitsa pansipo kwa nthawi yaitali.

"Ali moyo," anatero. "Koma tsachelo musalikhudze, mayi. Mukasesa atitenga tonse."

Kandege kanali katayamba kale kulira kuseri kwa mitengo ya mango. Nangondo anatapa gaga m'lichero n'kuwaza phazi ndi phazi, kenako anatsegula khola la nkhuku.

Nkhuku zinapalasa, fumbi koboo. Iye anangoima, lichero lili m'manja, n'kumaonerera zikufufuta moni yekhayo amene mwana wake anamusiyira.