Kamluzu pa Gombe la Mbungo

"Ine sindikwera," anatero mayi Evelina, phazi limodzi lili kale m'madzi.

Mwana wawo Mclean, amene anali atangobwera kuchokera kumigodi ya ku Joni, anaponya thumba lomaliza la usipa m'boti n'kuima pambali pawo.

"Amayi, anthu akudikira. Chavuta n'chiyani?"

"Injiniyi. Simukumva kamluzu kakulirako? Itifera pakati pa nyanja imeneyi."

Iwo sankadziwa kanthu za mainjini. Koma kamluzuko kanawachititsa mantha, ngati thupi lawo linakamvapo kwinakwake.

A Edmund, eni boti, anaseka. "Amama, injiniyi ndagula chaka chomwe chino. Dzulo inapita ku Chizumulu n'kubwera bwinobwino."

"Izimitseni muione kaye. Chonde."

A Edmund anapukusa mutu, nazimitsa. Pagombe panangoti zii.

Kamluzu kaja sikanaleke.

Kankalira, kuima pang'ono, n'kuyambanso. Mayi Evelina anatembenuka pang'onopang'ono. Kankachokera m'chifuwa cha Mclean, amene anali kupumabe movutikira chifukwa cha matumba aja. Apo m'pamene anakumbukira kumene anakamva: pamphasa, m'chifuwa cha malemu amuna awo atabwera kuchokera kumigodi komweko, mpaka tsiku limene kanalekeratu.

A Edmund anasuzumira mu injini n'kutseka. "Mulibe kanthu umu."

"Mwamva, amayi?" anatero Mclean akumwetulira. "Mumangoopa zinthu zopanda pake."

Mayi Evelina anagwira mkono wa mwana wawo ndi manja onse awiri.

"Eya," anatero chapansipansi. "Injini ili bwino."