Jairus ndi Khadi la Mlamu Wake

Panali munthu wina ku Buchi, mu Kitwe, dzina lake Jairus Mwale. Zinali zaka zija kopa wa m'migodi ali pa mtengo, ndalama ya kwacha itangoyamba kumene. Jairus anali telala pamsika, ndipo Lamlungu ankatsogolera kwaya ku tchalitchi cha Reformed. Mano ake anali oyera mbee, ndipo mwini wake ankadziwa. Poyimba ankayasamula kuposa mmene nyimbo inkafunira. Koma pa ndalama anali wouma manja. Mbale ya chopereka ikamadutsa, iye ndiye ankatseka maso kupemphera.

Tsiku lina dzino lakumbuyo linayamba kumuwawa. Anayesa mchere, anayesa fodya, osathandiza. Tsaya linatupa ngati wabisamo chitumbuwa. Atapita kwa dokotala wa mano m'tauni, anamuuza kuti kuzula ndi eight kwacha. Anabwerera kunyumba akutukwana ndi mbali imodzi ya kamwa.

"Bambo a Elina, kalipireni," anatero mkazi wake Mainess. "Ndalama ilipo m'kachitini."

"Eight kwacha dzino limodzi? Anthu a pamgodi amawazula ulere. Ndipita kwa alamu."

Mlamu wakeyo anali Patson Daka, mwamuna wa mlongo wake Felistus. Ankagwira ntchito pansi pa mgodi, ndipo ankakhala m'nyumba ya kampani ku Wusakile ndi ana asanu. Masiku amenewo khadi la kuchipatala cha kampani linalibe chithunzi, linali ndi dzina ndi nambala basi. Jairus anakonzeka kupempha mogwada, koma asanamalize n'komwe, Patson anali atatulutsa kale khadilo.

"Tengani alamu, tengani. Tsiku analemba kale, pa Chinayi ten hours. Akakufunsani, ndinu Patson Daka. Koma asakugwireni, mukwai. Akadziwa, ine ntchito yatha, ndi nyumba yomwe."

Munthu wina akanadzifunsa kuti tsikulo analilembera chiyani. Jairus ankangoona eight kwacha yopulumuka.

Lachinayi anafika kuchipatala atavala jekete la Patson. Pakhomo pa chipinda panaima wapolisi wa kampani, chimunthu chachitali chokhala ndi chibonga. Namwino anawerenga khadi, n'kumwetulira.

"Mwaiseni, takulandirani, ba Daka. Katatu konse mwakhala mukutithawa. Lero ndiye tizula onse anayi akutsogolo, monga analembera dokotala wakale asanapite."

Dokotala watsopano anam'tsegula kamwa, anayang'ana mano, anayang'ana khadi, anayang'ananso mano.

"Apa analemba kuti ndi owola. Koma awa akuoneka abwinobwino. Kodi ndinudi a Daka?"

Wapolisi uja anasuzumira m'chipinda. M'maganizo mwake Jairus anaona mlongo wake ali pamsewu, mipando ndi mapoto zili pangolo, ana asanu akulira. Ndipo anadziwa bwino kumene ngolo imeneyo ikanalowera: kunyumba kwake ku Buchi, kukadya ufa wake.

"Ndine Daka, dokotala," anatero. "Mano awa ndi achinyengo. Kunja oyera, m'kati anatha kalekale. Sindigona nawo."

"Ili likuwawa?" Dokotala anagogoda limodzi.

"Mayo ine, limenelo ndiye mfumu yake."

Anagogoda onse anayi, ndipo pa onse anayi Jairus anabuula ngati mbuzi yomangidwa. Munthu wamkulu, mtsogoleri wa kwaya, anachita kuchonderera yekha kuti amuzule mano amene ankawatsuka katatu pa tsiku. Anazulidwadi, limodzilimodzi.

Ali ndi thonje m'kamwa, analoza dzino lakumbuyo lija, loyambitsa zonse.

"Limenelo silinalembedwe," anatero namwino. "Mubwere mwezi wamawa ndi kalata ya kapitawo wanu."

Ku Wusakile anapeza Patson akudikira pakhonde, akumwetulira ndi mano ake anayi akuda bii, onse ali m'malo mwake.

"Alamu, mwandipulumutsa. Kapitawo anati ndikapanda kubweretsa chidindo cha dokotala sinditsikanso pansi. Koma ine zitsulo zija ndimaziopa kuposa mwala wa mumgodi."

Jairus anafuna kumutukwana, koma mawu ankangotuluka ndi mphepo.

Mmawa mwake Mainess anatenga kachitini kaja, nam'perekeza mwamuna wake m'tauni. Eight kwacha ija inalipiridwa ndithu, ndipo dzino lachisanu linatuluka.

Patapita milungu ingapo, Patson anabwera ndi kaphukusi. Anali mano oikirira ochokera kuchipatala, aulere. Kungoti muyeso wake anali atautenga kale m'kamwa mwa Patson, ndipo kamwa la Patson linali ngati chitseko cha galaja. Mainess anati asawavale. Jairus anati chinthu chaulere sichibwezedwa.

Lamlungu anaima kutsogolo kwa kwaya, milomo ikukanika kukumana. Inali nyimbo ya chopereka. Pamene ankakweza mawu pa mzere womaliza, mano aja anauluka, n'kukagwera m'mbale imene a Obadiah, mkulu wa mpingo, ankayendetsa. A Obadiah anayang'ana m'mbalemo kwa kanthawi, kenako n'kunena mofatsa:

"Abale, tiyamike Mulungu. Zaka twelve ndikuyendetsa mbale iyi, lero a Mwale aponyamo kanthu."

Phunziro: Munthu akakubwereka chinthu msanga usanamalize kupempha, yamba wafunsa chimene akuthawa. Chithandizo cha mano n'chodula, inde, koma kukachilandira m'dzina la wina kunadyera Jairus mano anayi abwino, ndipo eight kwacha analipirabe. Mverani akazi anu akamati kalipireni. Tumizani nkhaniyi kwa abale onse, makamaka amene ali ndi alamu okoma mtima mopitirira.