Mawu Oyesera

Kachigawo ka pulogalamu kojambulira mawu kanali katatheka. Kankagwira pa mafoni a mitundu yonse iwiri, ndipo olemba mapulogalamu ena ankakadikira kuti akalowetse mu ntchito zawo.

"Akulu, fufutani mawu oyeserawo, titumize," anatero bwana ali pakhomo la ofesi.

Mawuwo anali a mkazi wa wolemba pulogalamuyo. Anamujambula kukhitchini asanapite kutali kukagwira ntchito: "Ndiye ndinene chiyani? Bambo a mwana, mukundichititsa manyazi." Kenako kuseka, supuni n'kugwa pansi.

Anaika mafoni awiriwo patebulo n'kuyatsa onse pamodzi. Mkazi wake anaseka uku, anasekanso uku.

"Dikirani pang'ono, bwana," anatero. "Foni inayi sindinaimvetsere bwino."